Kubira, Kumira ndi Beseni Louma

Ufumu wa Sizanga simungaupeze pa mapu, chifukwa palibe amene anavomera kuti kuujambula ndi ntchito yake. Koma ulipo. Likulu lake ndi Musandifunse, mzinda wotchuka ndi ukhondo, osati wa m'misewu ayi, koma wa m'manja.

Ukhondowu unayamba ndi Mfumu Manjaoyera Woyamba, imene inatopa ndi kuweruza milandu n'kukhazikitsa lamulo limodzi lothetsa yonse. Aliyense wofuna kuchitira mnzake chinthu, kaya kumumeta, kumunyamula pa kabaza, kumubaya jakisoni kapena kumulamulira, ayambe watulutsa beseni. Wochitiridwayo athire madzi, wochitayo asambe m'manja. Madzi akangogwera m'beseni, mlandu wonse wapita nawo. Lumo likadula khutu, khutu ndi lako, lumo ndi la wometa, mlandu ndi wa madzi. Mayiko ena amasainitsana mapepala pa nkhani zotere, koma ku Sizanga anaona kuti pepala limasungika, ndipo chosungika chimadzakutsata. Madzi akatayika saoleka.

Lamuloli linali ndi kamchira kamodzi: madzi ake akhale a pampopi wa Ufumu. A mvula, a pachitsime ndi a kumtsinje sankachotsa mlandu, popeza sanadutse m'manja mwa boma.

Madzi a pampopiwo ankachokera ku Damu la Kaya. Dzinali linabadwa pa tsiku lotsegulira, mlendo wina atafunsa akatswiri kuti damulo ndi lakuya bwanji. Pansi pake panali paipi yaikulu yotumiza madzi mumzinda, ndipo pakhomo pa paipiyo panali sefa yachitsulo imene inkakonda kutsekeka ndi namasupuni, maukonde akale ndi majumbo. Choncho panali anthu ochepa a mtima wa ng'ona amene ntchito yawo inali kubira, kutsikira pansi kukayeretsa sefayo. Boma linkawalipira mwa apo ndi apo, koma silinkadziwa bwinobwino kuti likuwalipirira chiyani.

Zida zawo ankapanga mayi mmodzi, Ferita Kambalame, m'shedi yake ya malata kuseri kwa msika wa Tionabwanji. Magalasi oonera pansi pa madzi ankawamanga ndi chubu cha matayala a lole. Malamba olemetsa munthu kuti atsike ankawapanga ndi mtovu wa m'mabatire akale. Panalinso mapazi a bakha ovala posambira, paipi yaitali ya mpweya, ndi pampu yopopa ndi manja imene mnzake wa wobira ankatsala nayo m'bwato. Pachitseko analemba ndi penti yofiira kuti VUUKANI. Beseni anali nalo ngati nzika ina iliyonse, ndipo makasitomala ankamuthirira madzi monga mwa lamulo, koma nthawi zambiri ankazimitsiramo zitsulo zamoto.

Woyesa chida chilichonse chatsopano anali mlamu wake Lufeyo, mng'ono wa amuna ake, munthu wa chifuwa ngati mgolo ndi pakamwa posatseka.

"Alamu, magalasi anuwa akulowetsa madzi," Lufeyo ankatero akavuuka.

"Vuto si magalasi, ndi mutuwo. Ine ndinayeza mutu wa munthu, inu mwabweretsa dzungu."

"Dzungu lomweli atsikana a kumsika amalimbirana."

"Akufunamo nthanga zokha. Khalani pansi ndikumangeni bwino."

Ankamumangadi bwino. Chitsegulire shediyo, palibe amene anatsika ndi zida za Vuukani n'kulephera kubwerera.

Mavuto anayamba ndi chimfine. Pa mwambo wokumbukira kutsegulidwa kwa damu, woimba lipenga wa bandi ya Ufumu anaterereka n'kugwera m'madzi lipenga lili kukamwa. Asodzi anamuvuula ali moyo, koma alendo ochokera kunja anali ataona kale, ena atajambula. Mawa lake Mfumu Manjaoyera Wachitatu inaitanitsa nduna zonse. Inali itagwidwa ndi chimfine choopsa, mphuno zonse zitatseka. Inasamba m'manja, inamenya ndodo pansi, n'kunena kuti:

"Sidikufuda kubvadso kuti budthu wabira bu dabu laga!"

Itatero inanyamuka kukafunda mabulangete, n'kusiya nduna zikuyang'anana.

Aliyense amene anadwalapo chimfine akudziwa kuti mphuno zikatseka, m amasanduka b, n amasanduka d. Nduna nazo zinkadziwa, ndipo zinayamba kuwongola mawu a Mfumu limodzilimodzi. "Budthu" zinagwirizana kuti ndi munthu, popeza mu ufumu wonse munalibe chinthu chotchedwa budthu. "Dabu" zinagwirizana kuti ndi damu. Zitafika pa "wabira", zinaima.

"Apa ikutanthauza wamira," inatero Nduna ya Maphunziro, imene inali yatsopano pa udindo. "Mfumu sikufuna anthu azimira."

"Mwati bwanji, Olemekezeka?" anafunsa a Ndatsuka, Nduna ya Mabeseni ndi Matawulo, amene anali atakalambira pampando. "Budthu si mawu, n'chifukwa chake tawawongola. Koma kubira ndi mawu athunthu, ali ndi tanthauzo, ali ndi ana ndi adzukulu. Inu mukufuna kuwongola mawu abwinobwino otuluka m'kamwa mwa Mfumu? Mukuti Mfumu yalakwitsa?"

"Ayi, ine ndimangoti mwina tikaifunse."

Onse anaseka mpaka kupukuta misozi ndi matawulo a boma. Kufunsa, mumzinda wa Musandifunse! Nduna ya Maphunziro inaseka nawo, n'kupempha beseni mwachangu.

Kuletsa kubira mwachindunji kunali kosatheka, chifukwa lamulo loletsa limakhala ndi woletsa, ndipo woletsa amakhala ndi dzina. A Ndatsuka anapeza njira yabwino: osaletsa, kungoteteza. Masana a tsiku lomwelo galimoto ya chimkuzamawu inaima pamsika wa Tionabwanji.

"Tamverani, anthu a ku Sizanga! Pofuna kuteteza miyoyo yanu, imene ndi yanu, boma lalamula kuti aliyense wopanga zida zobirira m'madzi akhale ndi inshuwalansi. Wopanda inshuwalansi, loko pachitseko! Lamuloli likukhudza makampani onse opanga zidazi m'dziko muno, aakulu ndi aang'ono, mopanda tsankho. Wolengeza uthengawu wasamba kale m'manja."

"Makampani onse," anatero a Binwelo, wometa wa pamsikapo, lumo lili m'mwamba. "Ndiye kuti Ferita."

"Ali ndi mwayi mwana wa Kambalame," anayankha mayi wogulitsa tomato. "Enafe tidzafa boma lisanatilembere lamulo lathulathu."

Kampani ya inshuwalansi inalipo imodzi yokha, Pepani Kwambiri, ya apongozi a Mfumu. Ferita anavala chitenje cha kutchalitchi, anatenga Lufeyo kuti akhale umboni woyenda wakuti zida zake zimabweza anthu, n'kupita. Anawalandira a Fulujensio Likongwe, bambo wa suti yonyezimira ndi manja ofewa ngati a khanda chifukwa chosambasamba. Anakankha beseni, Ferita anathira madzi, nkhani inayamba.

"Mwafika pamalo pake, mayi," anatero a Likongwe. "Ife timateteza wopanga zida pa ngozi iliyonse yogwera wobira. Iliyonse! Muzigona tulo."

"Zikomo, bambo. Ndiye tinene kuti alamu angawa atsika, paipi yaphulika, sanavuuke."

"Bwanji osapereka chitsanzo cha munthu wina?" anadandaula Lufeyo.

"Akapanda kuvuuka, mayi, ameneyo si wobiranso. Ndi womira. Omira ife sitiwadziwa."

"Nanga akavuuka?"

"Akavuuka ndiye kuti ali bwino. Tilipirirenji munthu amene ali bwino?"

Ferita anayang'ana kudenga. Lufeyo anasendeza mpando wake kutsogolo, chifukwa nkhaniyi inali yokhudza thupi lake.

"Bwana, nanga ndikavuuka theka? Miyendo m'mwamba, mutu pansi?"

"Funso labwino, achimwene. Pamenepo timayang'ana kumene kuli mphuno. Mphuno ikakhala pansi pa madzi, mwamira. Ikakhala pamwamba, muli bwino."

"Ndiye mumalipira liti?"

"Pa kanthawi kamene munthu wasiya kubira koma sanayambe kumira. Mukapeza mboni imene inaona kanthawi kameneko, tidzalipira tsiku lomwelo, ndi kumwetulira komwe."

Ferita sanabwere kudzapambana mtsutso. Anabwera kudzapulumutsa shedi yake, ndipo inshuwalansi yosalipira inali yokwanira kuthamangitsa loko mofanana ndi yolipira.

"Chabwino, bambo. Ndipatseni yomweyo."

"Mwasankha bwino. Pali timfundo tiwiri tokha. Koyamba, sititeteza zida zosayesedwa. Mutisonyeze kuti zinafikapo pansi pa damu."

"Zonse zinafikapo. Mboni ndi imeneyi."

"Ayi ndiye pepani kwambiri," anatero a Likongwe, nkhope itagwa ngati ali pamaliro. "Kachiwiri, sititeteza zida zonyowa. Madzi amabweretsa dzimbiri, mayi. Chida chimene chinakhudzapo madzi ndi ngozi yoyenda."

"Ndi zida zobirira m'madzi, bambo."

"N'chifukwa chake tiyenera kusamala nazo kwambiri."

"Ndiye mukufuna chida chimene chinafika pansi pa damu koma sichinanyowepo."

"Mwamvetsa msanga. Ambiri timawafotokozera mpaka dzuwa kupendeka."

Asilikali a Ufumu anabwera ndi loko wamkulu ngati mbale. Sanafunike kuti Ferita awathirire madzi, chifukwa chaka chilichonse pa Tsiku la Beseni Lalikulu nzika zonse zinkathirira asilikali madzi a chaka chathunthu pasadakhale. Anatsekera mkati zonse: magalasi, mapaipi, mapampu, ngakhale zida za obira ena zimene zinabwera kudzakonzedwa. Chimene chinamupweteka kwambiri Ferita chinali makina ake owotcherera. Anawasiya pakona pamene denga limadontha, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana.

"Ndingolowa ndiwasunthe," anapempha.

"Tikatsegula, mayi, ndiye kuti tatsegula ndife," anayankha wamkulu wa asilikaliwo. "Ife tinatumidwa kutseka."

Ferita anakakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa msika, n'kuyamba kumata mabeseni obooka, ntchito imene ku Sizanga siitha. Mvula ikagwa ankapita kukasuzumira pa kabowo ka malata, n'kuona madontho akugwera makina ake limodzilimodzi. Lufeyo anabwereka njinga n'kuyamba kabaza. Obira ena anabwerera kukawedza. Pansi pa Damu la Kaya namasupuni anaona kuti alendo aja asiya kubwera, ndipo anaitana abale ake.

Mipopi inayamba ndi kutsokomola. Kenako inalavula timatope, kenako inangoti zii.

Ludzu panalibe. Zitsime zinalipo, mvula inkagwa, tiyi ankamwedwa. Chimene chinasowa ndi madzi ochotsa mlandu, ndipo mzinda unaima ngati wotchi yakufa. A Binwelo anapinda lumo n'kuliika m'thumba.

"Ndikumete bwanji popanda madzi a boma?" a Binwelo anafunsa kasitomala wina amene ndevu zake zinali zitafika pa kolala. "Khutu likagwa likhale langa? Ndili nawo kale awiri, akundikwanira."

Akabaza ankakankha njinga pansi, kasitomala akuyenda pambali, kuti akagwa agwe ndi miyendo yake. Ankhoswe anakana kumanga maukwati. Mayi wa tomato ankangoloza mulu n'kuyang'ana kumbali, kuti wogula adzisankhire yekha wowola.

Koma kumene kunavuta kwenikweni ndi ku maofesi. Anthu anazindikira pang'onopang'ono kuti beseni likauma, mlandu umakhala pamene wagwera. Ndipo mlandu suwola. Dalaivala wina wa lole ananyamula chitsulo chimene chinathyoka pa dzenje la mumsewu wa kudamu, n'kukachiika pa desiki ya Nduna ya Misewu. Nduna inatambasula manja pa beseni monga mwa chizolowezi, koma m'besenimo munali buluzi akuwothera dzuwa. Inayesa kusamba ndi tiyi, maloya a boma n'kuiuza kuti tiyiyo waphikidwa ndi madzi a pachitsime. Kumbuyo kwa dalaivalayo kunali mzere wa anthu, wina ndi desiki ya sukulu yopanda mwendo, wina ndi botolo la mankhwala lopanda mankhwala. Nduna zinayamba kuyenda manja ali m'khwapa, kuopa kuti china chingazimatirire.

Pofika apa Mfumu inali itachira. Inaitanitsa bwalo lonse, n'kulamula kuti mayi wa zida uja abwere pamodzi ndi wobira wake. Ferita ndi Lufeyo anagwada pa simenti. Pakati pa bwalo panali mbale, ndipo m'mbalemo munali kiyi wa shedi.

"Ndani analetsa kubira mu ufumu wanga?" inafunsa Mfumu, mawu ali mbee.

"Palibe, Mfumu yathu," anayankha a Ndatsuka. "Tinangoteteza kubirako."

"Ndiye wina atenge kiyiyo akatsegule."

Palibe amene anasuntha. Ndagi yake inali yotere. Kuti madzi abwere, pafunika wobira. Kuti wobira atsike, pafunika zida. Zida zili m'shedi. Wotsegula shedi yopanda inshuwalansi ndiye mwini wa chilichonse chochitika pansi pa damu, pokhapokha atasamba m'manja. Kuti asambe m'manja, pafunika madzi. Nduna zinaizungulira ndagiyi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, ndipo ulendo uliwonse chingwe chinkafupika.

"A Likongwe angopereka inshuwalansiyo," inatero Nduna ya Misewu, imene inali itaonda.

"Ndi mtima wonse, Olemekezeka," anayankha a Likongwe. "Mayiwa angondithirira madzi kaye."

"A Ndatsuka, loko ndi wanu," inatero nduna ina.

"Loko ndi wa boma. Ine ndine wa mabeseni."

Maso onse anatembenukira kwa Mfumu, imene inali ndi mphamvu zotsegula chitseko chilichonse m'dzikomo. Mfumu inayang'ana zikhadabo zake, n'kutsokomola pang'ono posonyeza kuti chimfine chija chikhoza kubwerera nthawi iliyonse.

Kunja kunagunda bingu. Ferita anamva madontho oyamba pa denga la nyumba yachifumu, ndipo m'mutu mwake anaona madontho ena akugwera makina ake. Mawondo anali akuwawa. Sanaganize za mbiri ya dziko kapena tsogolo la ana a Sizanga. Anaganiza za dzimbiri. Ananyamuka, anapita pakati pa bwalo, n'kutola kiyi.

"Ndikatsegula ndine. Zidazo ndinapanga ndine. Paipi ikaphulika, mlandu ndi wanga."

Mlembi wa Ufumu anaimitsa cholembera, n'kunong'oneza mnzake kuti sanalembepo mawu awiriwo, "mlandu" ndi "wanga", moyandikana, kodi pakati pake pamakhala mpumiro? Nduna ya Zaumoyo inakomoka, ndipo palibe amene anaigwira, poopa kuti ingatsitsimukire m'manja mwake.

"Wati mlandu ndi wa ndani?" inafunsa Mfumu.

"Wanga, Mfumu."

"Popanda beseni?"

"Popanda beseni. Mundilole ndipite, mvula ikundionongera makina."

Makinawo anawapeza atanyowa mbali imodzi koma ali moyo. Anawakokera pouma, anawapukuta ndi chitenje cha kutchalitchi chija, kenako anatulutsa zida. Mvula itakata, mzinda wonse unatsikira kudamu, amuna a ndevu zawo kutsogolo, nduna kumbuyo, aliyense atanyamula beseni louma. M'bwato munalowa awiri okha. Ferita anayendera paipi ya mpweya kuyambira kumutu mpaka kumchira ngati akusankha mpunga, n'kuyambiranso. Anamumanga Lufeyo lamba ndi chingwe chokokera, anamasula, anamanganso.

"Alamu, mundidula pakati," anatero Lufeyo. "Kale simunkamanga chonchi."

"Kale munkandithirira madzi."

"Ndiye ndikamira lero?"

"Mukamira ndikayankha kwa achimwene anu ndi kwa apongozi anga. Ndiye musamire. Mumawadziwa amayi anu mmene amayankhulira."

Lufeyo anatsitsa magalasi, n'kuwakwezanso.

"Mukudziwa, alamu? Aka n'koyamba kutsika ndikudziwa kuti pamwamba pano pali wina amene akuchita mantha kuposa ine. N'zokoma ndithu."

"Lowani, musanditayitse nthawi."

Analowa. Ferita anagwira mpini wa pampu n'kuyamba kupopa, maso ali pa thovu lotuluka pamwamba pa madzi. Thovu likamabwera, munthu akupuma. Anapopa mpaka mapewa anayaka moto. Kugombe a Likongwe ankafotokozera oyandikana nawo kuti pa nthawi imeneyo Lufeyo anali wobira, koma zinthu zikhoza kusintha. Thovu linachepa, linasowa pang'ono, ndipo Ferita anatchula dzina la mlamu wake m'njira imene sitingalembe pano. Kenako linabwera lambiri, chingwe chinagwedezeka, ndipo asodzi anathamangira kukathandiza kukoka.

Choyamba kuvuuka chinali namasupuni, mulu waukulu ngati nyumba. Chachiwiri chinali chikwangwani chachitsulo chimene mphepo inagwetsera m'madzi, n'kukagona chafufumimba pa sefa. Atachipukuta matope, a Binwelo anawerengera anthu mokweza: CHENJEZO: BOMA SILIDZAYANKHA PA CHILICHONSE CHOCHITIKA PADAMU PANO. Chachitatu chinali Lufeyo, akupempha fodya.

Madamu samva nthabwala, koma Damu la Kaya linatulutsa mkokomo wautali, madzi akulowa m'paipi. Nduna sizinadikire zoyamika. Zinathamangira ku mpopi wapafupi, mikanjo ili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ufumuwo anthu anaona Olemekezeka ali pamzere. Pofika madzulo manja onse mumzinda anali oyera, dalaivala wa lole uja anabwezeredwa chitsulo chake, ndipo maukwati anayambiranso.

Komabe bwalo linachita mantha ndi zimene linaona. Beseni likhoza kuuma. Mawa lake nduna zinakumananso, ndipo a Likongwe, amene anali katswiri wa ngozi, anapempha kuyankhula.

"Mfumu yathu, dzulo tapeza chuma chimene sitinkadziwa kuti tili nacho. M'dziko muno muli munthu amene amavomera mlandu. Amavomera ndi pakamwa pake, pagulu, popanda kumenyedwa. Mayiko ena ali ndi golide, ife tili ndi mayi ameneyu. Timusiye azingomata machubu?"

Galimoto ya chimkuzamawu inabwereranso pamsika wa Tionabwanji. Inalengeza kuti Mfumu, mwa chisomo chake, yakweza Mayi Ferita Kambalame kukhala Mwinimlandu wa Ufumu. Kuyambira tsikulo, mlandu uliwonse umene beseni lalephera kutsuka, kaya wa misewu, wa sukulu, wa mvula yochedwa kapena yofulumira, unali wawo. Ndipo popeza odandaula ayenera kudziwa kumene angawapeze, shedi ya Vuukani inaletsedwa kutsekedwa ndi munthu aliyense, pa chifukwa chilichonse, mpaka kalekale.

"Nanga inshuwalansi?" anafunsa mayi wa tomato.

"Inshuwalansi ya chiyani?" anayankha a Binwelo. "Mayiyo ndiye inshuwalansi. Ndamva kuti a Pepani Kwambiri akalembetsa kwa iye."

Ferita anamvetsera chilengezocho ataima pakhomo pa shedi. Anamva mbali yoyamba, anapukusa mutu. Anamva mbali yachiwiri, n'kulowa mkati kukayatsa makina.

Masiku ano mukadutsa kuseri kwa msika mupeza mzere. Munthu amafika atakwiya, n'kunena za dzenje la mumsewu kapena mlatho umene unalonjezedwa agogo ake ali anyamata. Ferita amamvetsera akudula chubu, n'kunena kuti, "Ndamva, bambo. Mlanduwo ndi wanga. Tagwirani apa." Munthuyo amagwira nsonga ya paipi, Ferita amamata, ndipo ambiri amabwerera kwawo mtima uli m'malo, chifukwa chibadwire palibe amene anawayankhapo choncho. Dzenje likadalipo. Koma mapaipi a Vuukani sanamatidwepo bwino ngati masiku ano, ndipo antchito ake ndi aulere.

Tsiku lina pamzerepo panaima a Ndatsuka enieni, atavala chipewa chobisa nkhope. Itafika nthawi yawo, anatsokomola n'kuyankhula motsitsa.

"Mayi Mwinimlandu, pali kankhani kamene katsalira ku ofesi. Tasamba, tasambanso, koma sikakuchoka. Akuti boma linatsekera mayi wina shedi popanda chifukwa, mpaka makina ake ananyowa ndi mvula. Bwalo laona kuti mlanduwu ukugwera ofesi yanu."

Lufeyo, amene ankayesa mapazi a bakha atsopano pakona, anakhala pansi kuti aseke bwino.

Ferita anaika chitsulo pansi, anayang'ana nduna kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kuganiza pang'ono.

"Ndauvomera, Olemekezeka. Ndinalakwa kwambiri. Ndikamuona mayiyo ndimupepesa, koma lero watanganidwa. Tagwirani apa."

Nduna inayang'ana uku ndi uku kufuna beseni, koma linali lodzaza ndi zitsulo zamoto. Inagwira.